Kapu ya mu June: zimene komboni yakhala ikumwa pothawa mphepo

Ngati munakwelapo basi yoyamba kuchoka pa Bauleni mu June, muidziwa mphepo imene nikamba. Ija ya 05:00, yochokela ku mbali ya Leopards Hill, imene ilowa m'makutu na kuumitsa zala mpaka ndalama ya kondakitala ikana kutuluka m'thumba. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchoka pa nyanja yamchele, ndiye chifukwa chake usiku wa June na July kuzizila kumatsika mpaka pansi pa madigili 10. Ku mayadi ali na mahita na magiza. Ife tili na malata, simenti yozizila pansi, mbaula, na kapu.

Msuweni wanga amene asewenza ku England, ku nchito zija zosamalila okalamba, ananitumila kavidiyo pa WhatsApp mu December. Anali pa msika wa Khrisimasi, atavala majuzi atatu, m'manja muli kapu yofuka nthunzi, kumbuyo kwake chimphika chachikulu. Akuti ni saida yotentha, eni ake aitcha mulled cider. Ndiye ananifunsa: “Nanga ise ku Zed, chakumwa chathu cha mphepo ni chani?” Ninayankha mwamsanga kuti tiyi. Koma funso lija silinanichoke, chifukwa tiyi si yakale kuno. Ambuya anga anakulila ku Katete osailawako mpaka atakwatiwa.

Tiyambe na kapu ya msuweni wanga. Saida ni madzi a maapozi amene awasiya kuti asase mpaka akhale mowa. Kumadzulo kwa England, m'madela monga Somerset, Devon na Herefordshire, alimi akhala akuipanga kwa zaka mazana ambili. Kale eni mafamu anali kulipila anchito awo mbali ina ya malipilo na saida imeneyi, mpaka lamulo la mu 1887 linaletsa. Mu January, pakati pa chisanu chawo, anthu a m'mudzi anali kupita ku munda wa maapozi usiku, kuimba, kumenya mapoto, na kuthila saida pa mizu ya mtengo kuti chaka chimenecho ubale bwino. Mwambo umenewu autcha wassail, ndipo m'midzi ina ukali kuchitika. Munthu wa ku Chipata akamva izi sadabwa. Kuthila mowa pansi pa mtengo ni nsembe, olo wothilayo avale koti na nsapato za jombo.

Kapangidwe kake ni kosavuta. Athila saida mu mphika, aikamo sinamoni, makoko a lalanje, uchi kapena shuga, na tumitu touma tuja twa clove, n'kutenthetsa pa moto wochepa kwa mphindi 20 kapena 30. Saiwilitsa, chifukwa mphamvu ya mowa ithawa na nthunzi pa madigili 78, madzi akalibe kuwila.

Tu clove tumeneto tuli na mbili imene itikhudza. Kwawo kwenikweni ni ku zisumbu za Maluku ku Indonesia. Koma m'zaka za m'ma 1800 mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, inakulitsa minda yake pa Zanzibar na Pemba, mpaka zisumbu ziwilizi zinakhala gwelo lalikulu la clove pa dziko lonse. Othyola anali akapolo. Ambili a iwo anatengedwa ku mbali za nyanja ya Malawi na kumadzulo kwake, kuwolotsedwa pa Nkhotakota kwa Jumbe, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Fungo lokoma la mu kapu ya mzungu wa nthawi ya Mfumukazi Victoria linali na thukuta la anthu olankhula chilankhulo chimene muwelengachi. Ninamuuza msuweni wanga. Anati nikonda kuononga Khrisimasi ya anthu.

Yankho limene ninafunika kumupatsa ni thobwa.

Nidziwa kuti ena mwaseka kale. Kwa ife a m'tauni thobwa ni chakumwa cha mu October, chozizila, cha mu botolo ya pulasitiki imene inali ya madzi, chogulitsidwa pa siteshoni dzuwa litaswa mutu. Koma limenelo ni thobwa la tsiku lachiwili kapena lachitatu. Ambuya anali kukamba za thobwa la madzulo oyamba, lochoka pa moto, limene uligwila na manja awili kuti chikho chikufunditse zala ukalibe kumwa.

Ku mudzi, mphepo ifika pamodzi na zokolola. Chimanga chalowa m'nkhokwe mu May, mawele na mapila auma, nchito ya kumunda yachepa. Ni nyengo ya maukwati, ya chinamwali, ya gule, mpaka kukafika ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August. Ndiye chakumwa cha nyengo imeneyi sichikanachokela ku zipatso monga cha azungu aja. Chinachokela m'nkhokwe.

Chinsinsi chake ni chimela. Ambuya anali kuviika mawele m'madzi kwa tsiku limodzi, kuwatsanula, n'kuwafunditsa na masaka kapena masamba a nthochi pa malo amdima. Pakapita masiku atatu kapena anayi, tumizu toyela twatuluka. Ayanika padzuwa, asinja, chimela chapsa. Tsiku lophika, aphika phala lopyapyala la mgaiwa mu mphika waukulu, auphula, n'kuyembekeza. Apa ndiye panali luso lonse. Phala likakhala lotentha maningi, chimela chifa. Likazizila kwambili, chimela chigona. Ambuya analibe chopimila chilichonse kupatula chala: chilowe, chituluke msanga, osapsa. Akathila chimela n'kuvundula, phala lija linali lolimba liyamba kusungunuka pamaso panu, ndipo ukalawa upeza kuti latsekemela popanda shuga olo kambewu kamodzi.

Nili mwana ninali kuona monga matsenga. Ku koleji ndiye ninamva kuti mbewu ikayamba kumela ipanga ma enzaimu amene adula sitachi kukhala shuga, kuti kamphukila kapeze chakudya. Ma enzaimu amenewo asewenza bwino pa madigili 60 mpaka 70, ndipo kutentha kukapitilila afa. Ni zimenezi zimene mafakitale a mowa wa m'mabotolo achita na chimela cha balele, m'mathanki azitsulo okhala na magetsi na mawotchi. Ambuya anali kuchita na chala, chitenje chili m'chiuno, uku akalipila mbuzi.

Akabwezela mphika pa moto n'kuwilitsanso, madzulo amenewo ana onse anali kumwa thobwa lotentha, lotsekemela, lolemela m'mimba. Wagona wokhuta, wagona wofunda. M'mawa mwake layamba kuwawasa pang'ono. Ukapitiliza, kuwonjezela chimela, kuphikanso, kusefa, pakatha masiku angapo wafika ku mowa wa masese, umene m'tauni unapatsidwa dzina la sevenidezi. Thobwa la ana na mowa wa akulu zichokela mu mphika umodzi. Chimene chizisiyanitsa ni masiku chabe. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa ni pamene nkhani ipindila.

Anzathu a kumpoto anabwela na njila yawo. Ku Copperbelt, ku Luapula na ku North-Western, m'malo mwa chimela asewenzetsa mizu ya munkoyo, yopwanya bwino, imene ichita nchito imodzimodzi yosungunula phala. Atonga ali na chibwantu, chija cha tumisele tomveka pa mano. Mu Lusaka miphika yonseyi inakumana pa mzele umodzi wa nyumba, ndipo lelo mwana wa mu Kanyama angamwe zonse zitatu osadziwa kuti chilichonse chili na kwawo.

Mphika umenewu utafika m'tauni unapeza lamulo likuudikila. Lamulo lake linayambila kutali. Mu 1908 boma la Natal ku South Africa linalola makhonsolo kuti akhale okhawo ofulula na kugulitsa mowa wa anthu akuda, ndipo Durban ndiyo inayamba. Phindu lake linali kumangila mahositelo a anchito na kulipila maofesi na apolisi oyang'anila anthu omwewo amene anali kumwa. Kwa azungu inali njila yokoma: munthu wakuda alipilile yekha ulamulilo umene umupondeleza, ndalama za msonkho wa mzungu osakhudzidwa. Njila imeneyi inakwela kumpoto, kupita ku Southern Rhodesia, mpaka kuno. Pamene Lusaka inakhala likulu mu 1935, nyumba za mowa za khonsolo zinali zodziwika kale m'matauni a Northern Rhodesia. Ndalama za mowa ndizo zinali kuyendetsa zimene anali kutcha chitukuko cha anthu akuda: maholo, mabwalo a bola, tumakiliniki.

Kuti khonsolo ipeze phindu, panafunika kuti pasakhale wopikisana nayo. Wopikisana nayo anali mzimayi. M'tauni ya atsamunda nchito zolembedwa zinali za amuna, ngakhale za kukhitchini na zochapa zinali za amuna. Mzimayi amene anafuna ndalama yakeyake anali na njila zochepa, ndipo yodalilika inali mphika. Ndiye kufulula m'malokesheni a khonsolo kunaletsedwa. Apolisi anali kubwela mwadzidzidzi, kufukula pansi pamene madilamu anakwililidwa, kutaya mowa, kulipilitsa faindi. Nikaganiza za wapolisi amene waima pa chidilamu cha tsiku lachiwili, nidzifunsa kuti anali kusiyanitsa bwanji thobwa na mowa. Nikayikila ngati anali kulawa.

Mu 1954 azimayi a mu Lusaka anatopa. Anasonkhana ambili n'kuguba kupita ku Boma kukakana chiletso chimenechi, ndipo apolisi anawabalalitsa. Mu 1957 chipani cha African National Congress cha ba Harry Nkumbula chinaitanitsa anthu kuti anyanyale nyumba za mowa za khonsolo, ndipo azimayi ndiwo anali kuima pa zipata kubweza amuna. Ku sukulu tinaphunzila za Federation, za Cha Cha Cha, za maina a amuna amene anamangidwa. Sinikumbuka mphunzitsi aliyense amene anatiuza kuti nkhondo ina ya ufulu inamenyedwa chifukwa cha mphika.

Malamulo a khonsolo anali na malile, ndipo kunja kwa malilewo ndiko makomboni athu ambili anabadwila. Matero na Chilenje zinali za khonsolo, zomangidwa mwa dongosolo, zoyang'anilidwa. Koma George, Kalingalinga, Chawama imene kale inali kutchedwa Roberts, John Laing, John Howard, zinamela pa malo a anthu, pa mafamu na pa migodi ya miyala, pamene mwini malo anali kulola anthu kumanga tunyumba n'kumalipila lendi. Ndiye chifukwa chake makomboni ambili ali na maina a azungu. Bauleni nayo inayamba monga malo a anchito a m'mafamu a ku Leopards Hill Road. Kumeneko diso la khonsolo silinali kufika bwino, ndipo miphika inali kuwila.

Ufulu unabwela mu 1964, koma mphika sunamasuke kwenikweni. Nyumba za mowa zinasintha dzina kukhala mataveni, zikali za khonsolo. Mowa wake unali Chibuku, umene Max Heinrich anayamba kufulula ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950, masese omwe aja a ku mudzi koma opangidwa na makina. Mzimayi wofulula kunyumba anakhala wa shabini, wothawathawa monga kale. Ba Kaunda, amene sanali kumwa mowa, anali kudandaula poyela za uchidakwa mpaka kuopseza kuti adzatula pansi udindo. Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kufufuza za umoyo wa mu Mtendere mu 1971, analemba za azimayi amene anali kusunga mabanja na tumalonda twa pakhomo, kufulula kuli pakati pake.

Apa ni maganizo anga, mungatsutse. Chimene malamulo amenewa anapha si mowa. Anapha thobwa la tsiku loyamba. Ganizani: ngati mphika wanu usakidwa, simungafune chidilamu chimene chikhala masiku 7 chikununkha komboni yonse, cholemela, chosabisika, chimene chisasa mukachedwa kugulitsa. Mufuna chinthu chaching'ono, champhamvu, chosaola, chimene chilowa mu botolo n'kubisika pansi pa bedi. Chimenecho ni kachasu. Kutcheza kachasu kunalipo kale ku midzi, makamaka ku mbali za Zambezi na Luangwa, koma m'komboni kunapeza chifukwa chatsopano. Ndipo mu mphika wa kachasu mulibe gawo la ana. Palibe madzulo oyamba amene mungatungile mwana chikho chotentha. Lamulo linasaka mphika, chimene chinapulumuka ni botolo.

Malo amene thobwa linasiya m'mawa na madzulo anatengedwa na tiyi. Inalowa kupitila ku mamishoni na ku makhitchini a azungu, kumene agogo athu aamuna anali makuku, ndipo inafika pakhomo monga chizindikilo chakuti banja ili latsogola. Ku Malawi minda ya tiyi inayamba ku Mulanje mu 1891. Kuno boma la UNIP linafuna yathuyathu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 tiyi ya ku Kawambwa inayamba kuoneka m'mashopu. Shuga inali kuchokela ku Nakambala ku Mazabuka, kumene fakitale inayamba kugaya nzimbe mu 1968. Sinitsutsa tiyi, nimwa makapu atatu pa tsiku. Koma onani kusiyana kwake. Thobwa lidzitsekemeletsa lokha ndipo likhutitsa lokha. Tiyi ifuna masamba, ifuna shuga, ifuna mkaka, ndipo ikafika m'mimba ifunsa kuti buledi ili kuti. Zonsezo ni za ndalama.

Ndalama zija zinatha. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo makolo athu analowa m'nyengo ya mizele. Funsani aliyense wa zaka zopitilila 50 za ZCBC, NIEC na Mwaiseni, mudzamva za kudzuka usiku kukaima pa mzele osadziwa kuti lelo kwabwela shuga, sopo kapena saladi. Zigolo ni mwana wa nyengo zotele: madzi na shuga, chapwa. Amai anga akamba kuti mu June anali kutenthetsa madziwo, ndipo pofuna kuti ana asadandaule anali kupseleza shuga pang'ono pa supuni kuti madzi afiile monga muli masamba. Tsiku lina anali kuponyamo masamba a mandimu a kwa aneba. Ife tinali kuitcha tiyi, ndipo palibe amene anatiuza kuti si tiyi.

Ni mu June mmenemo, mu 1990, pamene boma linakweza mtengo wa unga kuwilikiza kawili, ndipo Lusaka inaphulika. Ophunzila a pa UNZA anayamba, makomboni anatsatila, mashopu anaphwanyidwa, anthu anafa. Pa 30 June Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale kuti zinatha patapita maola ochepa. Chaka chotsatila UNIP inachoka. Akatswili afotokoza zimenezi na nkhani za IMF na nkhongole, ndipo ni zoona. Ine niwonjezelako chabe kuti njala ya mu June si imodzimodzi na njala ya mu October. Munthu wanjala amene azizidwa sagona.

Tifike ku nthawi yathu. Amene tinakula m'zaka za m'ma 2000 tikumbuka tujilijili, tumapaketi twa pulasitiki twa mowa waukali, wofika pafupifupi 40 pelesenti, totsika mtengo moti na mwana wa sukulu anali kukwanitsa. Tunali kugulitsidwa pa kantemba kalikonse, pamodzi na maswiti na machesi. Mu June malonda ake anali kuyamba kukalibe kucha. Ba kondakitala, oitanila mabasi, alonda ochoka ku nchito ya usiku, onse na mawu amodzi: “Nichoseko mphepo.” Mu April 2012 boma la ba Sata, kupitila mwa nduna ya maboma aang'ono ba Nkandu Luo, linaletsa kupanga na kugulitsa tumapaketi tumeneto. Anthu ambili anaombela m'manja, na ine ninaomba. Koma mowa uja unangosamuka, kuchoka mu paketi kulowa mu tumabotolo, ndipo dzina la junta mulidziwa kupambana ine.

“Nichoseko mphepo” ni bodza limene thupi lenilenilo litinamiza. Mowa utsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu. Magazi otentha achoka mkati kubwela kunja, khungu limva kufunda, nkhope ipsa, ndipo uganiza kuti mphepo yathawa. Koma kutentha kumene wamva ni kwako komwe, kuli pa ulendo wotuluka. Mowa uchepetsanso kunjenjemela, kumene ni njila ya thupi yodzipangila moto. Thupi lifunika kukhala pa madigili 37, ndipo likatsika pansi pa 35 munthu ali pa ngozi. Wina amene ninaphunzila naye ku pulaimale anapezeka m'mawa wina wa July pafupi na ngalande, mtunda wa mphindi zisanu kuchoka pakhomo pa amai ake. Sanamenyedwe, foni inali m'thumba. Anthu anakamba zambili pa malilo, za mankhwala, za adani. Amene tinali kumudziwa tinangokhala chete.

Pokhala tafika pa zakupha mwakachetechete, lekani nipatuke pang'ono: mbaula ya malasha isagone m'nyumba yotseka mawindo. Utsi wake woopsa ulibe fungo, ndipo chaka chilichonse mu June timva za banja limene silinauke. Tenthetsani chakumwa, otani moto, itulutseni panja.

Chodabwitsa n'chakuti mphika unabwelela chifukwa cha matenda. June na July wa 2021 anali miyezi yoipitsitsa ya Covid-19 mu Zambia. Zipatala zinadzala, okosijeni inali kusowa, ndipo ife a kuno ku Bauleni, amene tikhala pafupi na manda a Leopards Hill, tinali kuona magalimoto a malilo akutsatana tsiku lonse. Ba Kaunda nawo anamwalila mwezi umenewo, pa 17 June, ali na zaka 97. Nyumba iliyonse inali kununkha jinja, mandimu na adyo. Ena anali kufukiza masamba a bulugamu atadzifunditsa bulangeti. Mtengo wa mandimu unakwela moti amene anali na mtengo pakhomo anayamba kuulonda. Zimenezi sizinali kupha kachilombo, ndipo amene anachedwa kupita ku chipatala podalila mphika analakwitsa. Koma zinafewetsa pakhosi, zinafunditsa chifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ninaona anyamata a msinkhu wanga akufunsa amai awo kuti jinja aipwanya bwanji ndipo aiwilitsa mphindi zingati.

Kenaka chilala cha 2024 chinatsitsa kwambili madzi a mu Kariba, magetsi anayamba kupita pafupifupi tsiku lonse, ndipo ketulo ya magetsi inakhala chokongoletsa pa kabati. Tonse tinabwelela ku mbaula. Mzimayi wa fulasiki pa siteshoni, uja agulitsa tiyi na vitumbuwa kuyambila 04:30, anapeza makasitomala atsopano ovala mataye.

June wapitayu ninafuna kuyankha msuweni wanga na mphika, osati na mawu. Maapozi a mu Lusaka ambili achokela ku South Africa, ndipo mtengo wake si wakuti ungawafinye madzi. Saida ya m'mabotolo, Hunter's na Savanna, nayonso ni ya kumeneko, ndipo kuno tiimwa yozizila ngakhale mano akugundana. Koma tili na chipatso chimene chipsa mu mphepo mwenimweni: masau. Achokela ku zigwa zotentha, ku Luangwa, ku Chirundu na ku Siavonga, ndipo kuyambila June adzala pa Soweto na pa misika ya m'makomboni, aawisi na ouma. Ukaluma liwisi limveka monga kaapozi kakang'ono kowawasa. Anthu a ku zigwa akhala akuviika masau ouma kupanga chakumwa na phala kuyambila kale, ndipo ena atchezela kachasu.

Ninagula masau ouma odzala mbale ziwili, ninatsuka, n'kuviika usiku wonse mu malita awili a madzi. M'mawa ninawafinya na manja mpaka nthangala zinatsala zokha, n'kusefa na kansalu koyela. Madzi ake anatuluka ofiilila, onunkhila monga masau anunkhila, fungo lija limene ena alikonda ndipo ena alithawa. Ninaika pa mbaula, ninaponyamo jinja yopwanya yaikulu monga chala chachikulu, khoko la lalanje, kamtengo ka sinamoni, na tu clove tunayi tumene ninagula ku Kamwala, nikukumbukila a ku Nkhotakota aja. Popeza mulibe mowa wakuti uthawe, ninasiya kuti ziwile bwino kwa mphindi 15, zimenenso n'zofunika m'komboni mmene kolela itichezela kawilikawili. Shuga ninathila pothela, masupuni atatu, chifukwa masau awawasa.

Ninatumila msuweni wanga chithunzi. Ninapelekanso kapu kwa amai, amene anali khale pa mpasa, miyendo ili ku mbaula. Anamwa pang'ono, anakhala chete, anamwanso.

“Ni yabwino,” anatelo. “Ifunditsa. Koma iwe, ichi ni chakumwa cha munthu amene wadya kale.”

Ninafunsa kuti nanga nichite bwanji. Anati Chiwelu nipite ku Soweto nikagule mawele, osati aja opela kale, ambewu. Ninapita. Tinaviika pa Sondo, tinatsanula pa Mande, ndipo saka ili kuseli kwa chitseko cha kukhitchini. Lelo ni tsiku lachinayi, tumizu tukalibe kutuluka bwino. Amai akuti ni mphepo, mbewu nazonso zichita ulesi mu June, tiyembekeze mawa. Achenjezanso kuti tsiku lophika nisabwele na foni yanga kufuna kupima madigili, nibwele na chala chosamba.